Singapore sitima isananyamuke: mayankho a mafunso amene mwakhala mukundifunsa

Chibwerereni ku ulendo uja wa pasitima yapamadzi mafunso sakutha, ena pa WhatsApp ena tikakumana pa chinkhoswe kaya ku tchalitchi, ndiye ndati bola ndilembe kamodzi zonse zikhale pamodzi. Ambiri mumafunsa za sitimayo, kuti ndi yaikulu bwanji, munkadya chani, simunachite chizungulire, koma ine mtima wanga unatsalira mumzinda momwe tinakwerera, ku Singapore. Sitima ndi hotelo yoyandama basi, ikhoza kunyamukira kulikonse ndipo mkati mwake mumafanana. Mzindawu ulibe unzake. Ndiye pano ndikamba kwambiri za masiku aja musanakwere, omwe anthu ambiri amawataya ndi kugona muhotelo.

Ndifike masiku angati sitima isananyamuke?

Awiri, osachepera. Atatu ngati thumba likulola. Chonde musayerekeze kufika m'mawa wa tsiku lomwe sitima ikunyamuka, ulendo wochokera kwathu kuno ndi wautali ndipo mumasintha ndege, ndiye ndege imodzi ingochedwa ku Johannesburg kapena ku Addis Ababa zonse zasokonekera, sitima siidikira munthu ngakhale mutalipira kale zonse. Chikwamanso chimatha kutsalira panjira n'kubwera ndi ndege ya mawa lake, mukakhala ndi masiku awiri chikupezani pahotelo, kupanda kutero mukwera sitima ndi zovala za m'thupi zokha.

Chinanso ndi tulo. Singapore ili patsogolo pathu ndi maola 6, kwathu ikamakwana 6 koloko madzulo uko ndi pakati pausiku, ndiye usiku woyamba maso amangoti gwa, m'mawa mutu uli wolemera. Tsiku loyamba limatha ndi zimenezo. Lachiwiri ndi lomwe mumauona mzinda.

Nanga mapepala, viza ikufunika?

Ife a pasipoti ya Malawi komanso anzathu a ku Zambia sitifunika viza tikamapita kukacheza masiku ochepa, komabe malamulo amenewa amasintha ndiye musanagule tikiti onani pa webusaiti ya ICA, ofesi yawo yoona za olowa ndi otuluka m'dziko. Pasipoti ikhale yoti yatsala ndi miyezi 6 kapena kuposa. Pali fomu ya pa intaneti yotchedwa SG Arrival Card, mumadzaza m'masiku atatu omaliza musanafike, ndi yaulere, ndikubwereza, yaulere, chifukwa kuli mawebusaiti ena omwe amalipiritsa anthu pa fomu yomweyi. Masiku ano sadinda mupasipoti, chilolezo chimabwera pa imelo, ndiye lembani imelo yomwe mumaitsegula.

Chomwe chimagwetsa anthu ambiri a kwathu ndi kabuku kachikasu ka katemera wa yellow fever. Malawi sali pa mndandanda wa mayiko a matendawa koma Ethiopia ndi Kenya alipo, ndiye ngati mwagona kapena mwakhalitsa ku Addis kapena ku Nairobi m'masiku 6 musanafike adzakufunsani, ndipo katemerayu amayamba kuwerengedwa patatha masiku 10 mutabayitsa. Bayitsiranitu.

Musaiwalenso kuti sitima ikaima m'mayiko ena. Penang ndi Port Klang ndi ku Malaysia, Phuket ndi ku Thailand, dziko lililonse ndi malamulo ake. Funsani kampani ya sitimayo molemba, mutchule kuti pasipoti yanu ndi ya dziko liti, poti akhoza kukukanizani kukwera pa doko pomwepo pepala limodzi likasowa.

Sitima timakwerera kuti kwenikweni?

Malo alipo awiri ndipo ndi otalikirana, ndiye werengani bwino tikiti yanu. Masitima akuluakulu amanyamukira pa Marina Bay Cruise Centre, yomwe inatsegulidwa mu 2012, siteshoni yapafupi ya MRT, sitima ya panjanji ya mumzinda, ndi Marina South Pier, kumapeto kwa njanji yofiira. Ena ocheperako amanyamukira ku Singapore Cruise Centre ku HarbourFront, pafupi ndi sitolo yaikulu ya VivoCity, kuyang'anizana ndi chilumba cha Sentosa. Mukangouza wa takisi kuti kokwerera sitima akufunsani kuti kuti, muonetseni dzina pafoni.

Mayendedwe mumzinda ndi ovuta?

Ayi, apa mpamene mtima umakhala m'malo. Kuli sitima ya panjanji yotchedwa MRT, mbali yaikulu imayenda pansi pa nthaka, yaukhondo, yozizira, imabwera pakangopita mphindi zochepa, ndipo pageti mumangogunditsa khadi yanu ya Visa kapena Mastercard ngati ndi yogunditsa ija, polowa ndi potuluka. Khadi ya banki ikakana gulani ya EZ-Link pasiteshoni muziikamo ndalama. Ya mabasi ndi yomweyo. Kuchokera ku bwalo la ndege la Changi mukhoza kukwera MRT n'kusintha pa Tanah Merah, koma ndi masutikesi a ulendo wa pasitima ine ndinganene kuti tengani takisi kapena Grab, galimoto yoitanitsa pafoni, mwatopa kale.

Musanachoke ku Changi lowani mu Jewel, chinyumba chagalasi chomwe anatsegula mu 2019, pakati pake madzi amagwa kuchokera kudenga mamita 40, mitengo ili mbali zonse. Kuonera ndi kwaulere.

Magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu, ndipo masoketi a magetsi ndi omwewa a mano atatu, tchaja yanu ilowa popanda adaputala.

Mumati ndi mzinda wa mitundu yambiri, zinayamba bwanji?

Zinayamba ndi doko. Kachilumbaka kali pakhomo pa njira ya panyanja ya Malacca, pomwe zombo zochokera ku India ndi ku Ulaya zimadutsa popita ku China. Mu 1819 Stamford Raffles wa kampani ya Angerezi ya East India anapangana ndi mafumu a Chimalay kuti atsegulepo malo a malonda osalipiritsa msonkho, ndiye anthu anakhamukirako ngati ngumbi, a ku China makamaka a kummwera, Atamil a ku India, Aluya, Abugis, Ajava, Ayuda, ngakhale a ku Armenia omwe katchalitchi kawo ka 1835 kalipobe. Mu 1822 atsamunda anagawa tauni potengera mitundu, awa akhale uku awa uko, ndipo Chinatown ndi Kampong Glam zomwe mukaziona lero ndi zotsalira za magawidwe amenewo. Ajapani analanda mzindawu kuyambira 1942 mpaka 1945, kenako unalowa mu Malaysia mu 1963, koma sizinayende, pa 9 Ogasiti 1965 Singapore inakhala dziko palokha, nduna yaikulu ali Lee Kuan Yew.

Lero kuli anthu pafupifupi 6 miliyoni pa malo oposa pang'ono ma sikweya kilomita 700. Mwa nzika ndi okhazikika, atatu mwa anayi alionse ndi ochokera ku mtundu wa Chitchaina, kenako Amalay, kenako Amwenye. Zilankhulo za boma ndi zinayi, Chingerezi, Chimandarin, Chimalay ndi Chitamil, ndipo pa zikwangwani za chenjezo mumaziona zonse zinayi zitandandalikana. Nyimbo ya fuko ili m'Chimalay. Chingerezi chanu chikwanira paliponse, kungoti chawo n'chothamanga ndipo amathira tina ngati lah kumapeto, mukafunsa ngati chinthu n'chotheka amangoyankha kuti can, basi nkhani yatha.

Ndili ndi tsiku limodzi lokha labwino, ndiyambire kuti?

Yambirani pa Telok Ayer Street m'mawa dzuwa lisanakule. Ndikudziwa kuti zithunzi zonse za Singapore ndi za hotelo ija ya nsanamira zitatu yotchedwa Marina Bay Sands, koma ija idikira mpaka madzulo. Telok Ayer ndi msewu womwe kale unali m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, asanakwirire nyanja n'kumangapo, ndipo anthu akatsika m'zombo atapulumuka ulendo wa masabata amayamba athokoza kaye Mulungu wawo pomwepo. N'chifukwa chake pa msewu umodziwu pali kachisi wa Thian Hock Keng, womalizidwa cha m'ma 1842, yemwe Ahokkien, Atchaina ochokera kummwera kwa China, anamangira Mazu yemwe amakhulupirira kuti amateteza oyenda panyanja, pafupi pomwepo pali Nagore Dargah ndi mzikiti wa Al-Abrar zomwe anamanga Asilamu ochokera kummwera kwa India. Lero mukaima pakhomo pa kachisiyo nyanja simuiona n'komwe, kutsogolo kuli nyumba zosanja za mabanki. Ine ndinaimapo nthawi ndithu, poganiza kuti mawa lake nanenso ndikwera chombo, koma changa chili ndi bedi ndi madzi otentha, pomwe awa ankabwera atapanikizana pansi pa chombo osadziwa ngati adzabwererenso kwawo.

Kuchoka apo yendani wapansi kupita pa South Bridge Road, si patali. Apa mpomwe mumvetse zomwe ndikunenazi. Mzikiti wa Jamae, kachisi wa Ahindu wa Sri Mariamman ndi kachisi wa Abuda wa Buddha Tooth Relic zili pa msewu umodzi, kuyenda mphindi zochepa, pakati penipeni pa Chinatown. Sri Mariamman ndi kachisi wakale kwambiri wa Ahindu m'dzikomo, anayamba mu 1827, anamuyambitsa ndi Naraina Pillai yemwe anabwera ndi Raffles kuchokera ku Penang, chipata chake n'chachitali chodzadza ndi ziboliboli za mitundumitundu, ng'ombe zosema zitakhala pa mpanda. Wa Abuda uja ndi watsopano, wa 2007, wofiira psuu, mkati golide waliwali, pamwamba pake pali kamunda ka maluwa kabata bwino kopumirapo.

Dzina la Chinatown m'Chimalay ndi Kreta Ayer, kutanthauza ngolo ya madzi, chifukwa kale madzi a m'derali ankabwera pa ngolo za ng'ombe. Mukayang'ana nyumba zagalasi zozungulira simungakhulupirire.

Nanga Little India ndi Kampong Glam, n'kofunika kupita konse?

Konse, ndipo MRT imakufikitsani mosavuta. Ku Little India mukangotuluka musiteshoni mphuno ndi yomwe imayamba kudziwa kuti mwafika, fungo la zonunkhiritsa ndiwo, lubani, maluwa omwe amatunga ngati mikanda n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu, nyimbo zikulira m'masitolo, golide m'mawindo. Yambani ndi Tekka Centre, pansi ndi msika wa nsomba, nyama, masamba komanso malo odyera, pamwamba ndi nsalu ndi atelala. Mayina a misewu ngati Buffalo Road ndi Kerbau Road akukumbutsa kuti kale kunali malonda a ng'ombe ndi njati zoweta. Tsatirani Serangoon Road muone kachisi wa Sri Veeramakaliamman, mukathere ku Mustafa Centre, sitolo yomwe muli chilichonse kuyambira sopo mpaka mawotchi, ngati mwaiwala kanthu ka pa ulendo mukapeza mmenemo. Mukafika nyengo ya Deepavali, chikondwerero cha Ahindu, cha mu Okutobala kapena Novembala, msewu wonse umakhala magetsi okhaokha.

Kampong Glam ndi kwina, n'kodekha. Kunali kwa mfumu ya Chimalay, Sultan Hussein, ndipo mzikiti wa Sultan unayamba mu 1824 ngakhale nyumba yomwe ilipo pano inamalizidwa mu 1932. Mukaima pa Bussorah Street n'kuyang'ana denga lake lagolide lija, onetsetsani lamba wakuda yemwe ali m'munsi mwake, amenewo ndi matako a mabotolo omwe anthu osauka anapereka kuti nawonso akhale ndi gawo pa nyumba yopemphereramo. Chimenechi chinandikhudza kuposa golideyo. Kale Asilamu a m'zilumba zozungulira ankasonkhana m'derali kudikira zombo zopita ku Mecca, n'chifukwa chake pali kanjira kotchedwa Haji Lane, lero ndi ka timasitolo ta achinyamata ndi zojambula m'makoma. Pa Arab Street pali nsalu, amayi okonda zitenje musapite ndi ndalama zonse. Ndipo tsidya la mzikiti pali Zam Zam, akhala akuphika murtabak kuyambira 1908, chili ngati chapati chachikulu chokulungamo nyama, mazira ndi anyezi, chimodzi chimakwana anthu awiri.

Mukakhala ndi theka la ola lapadera dutsani pa Waterloo Street. Kachisi wa Kwan Im Thong Hood Cho ndi wa Ahindu wa Sri Krishnan ndi oyandikana, ndipo mumaona anthu akuchoka uku n'kukayatsanso lubani pakhomo pa winayo.

Ine ndine Mkhristu, ndingalowe m'makachisi ndi m'mizikiti?

Alendo amaloledwa, palibe amene akukakamizeni kupembedza, mukungoona. Vulani nsapato pa kachisi wa Ahindu ndi pa mzikiti, valani zobisa mapewa ndi maondo, malo ena amabwereketsa nsalu pakhomo. Mumzikiti alendo ali ndi malire pomwe amathera ndipo Lachisanu masana ndi nthawi ya mapemphero, pitani nthawi ina. Musajambule munthu akupemphera osamupempha. Ngati chikumbumtima chanu sichikulola imani panja, kunja kokhako n'kokwanira kuona. Matchalitchi aliponso ambiri, St Andrew's Cathedral ili pa siteshoni ya City Hall pomwepo.

Tidye kuti, poti akuti Singapore ndi yodula?

Mahotelo ndi odula, mowa ndi wodula, malesitilanti a m'mbali mwa mtsinje ndi odula, koma chakudya chenicheni cha anthu sichodula ndipo n'chimene chili chokoma. Funsani hawker centre. Ndi shedi yaikulu, mafani akuzungulira kudenga, matebulo pakati, m'mbali muli timabenchi ta ophika tambirimbiri, aliyense ndi chakudya chake chimodzi kapena ziwiri zomwe ena akhala akuphika moyo wawo onse. Boma linamanga malowa cha m'ma 1970 pofuna kuchotsa ophika m'misewu n'kuwapatsa madzi ndi ukhondo, lero alipo oposa 100, ndipo mu Disembala 2020 UNESCO inaika chikhalidwe chimenechi pa mndandanda wa chuma cha anthu onse. Ndi madola a ku Singapore 5 kapena 6 mumakhuta. Tebulo limodzi mupeza wa tayi wa ku banki, woyendetsa takisi, agogo ndi zidzukulu, wina akudya ndi timitengo wina ndi manja wina ndi supuni, palibe woyang'ana mnzake. Ngati mukufuna kuona mitundu ija ikukhalira limodzi osati pa chikwangwani chabe, ndi pamenepa.

Ku Chinatown kuli Maxwell Food Centre ndi Chinatown Complex yomwe ili ndi mabenchi oposa 200. Yambani ndi chicken rice, ikaoneka ngati yosalira zambiri, nkhuku yowiritsa ndi mpunga, koma mpungawo amauphikira mu msuzi wa nkhukuyo ndi adyo ndi jinja, pambali tsabola. Laksa ndi manudozi mu msuzi wa kokonati wa tsabola, ndi chakudya cha Aperanakan, zidzukulu za amalonda a Chitchaina omwe anakwatira kuderali kalekale, kwawo kwenikweni ndi ku Katong ndi Joo Chiat. Roti prata ndi ya m'mawa, mumanyema n'kusunsa mu msuzi wa curry. Nasi lemak ndi mpunga wa kokonati ndi tinsomba tokazinga tonga usipa ndi mtedza. Madzulo pitani ku Lau Pa Sat, amatseka msewu wa Boon Tat n'kuyala matebulo, utsi wa satay uli tolotolo, ndi kanyenya wa patimitengo wosunsa mu msuzi wa mtedza. Ndipo ife odziwa kukoma kwa mutu wa nsomba tisachoke osalawa fish head curry ku Race Course Road, mutu waukulu mu msuzi wofiira ndi therere ndi mabiringanya, mpunga pa tsamba la nthochi, kudya ndi manja palibe wokudabwani.

Pali mwambo wake. Mukaona kapaketi ka tishu patebulo kapena pampando musakhalepo ndipo musakatenge, mwini wake wagwira malo ali pamzere, iwo amati chope. Nanunso chitani chimodzimodzi. Ogulitsa achikulire muwatchule kuti uncle kapena auntie, ndi ulemu wa kumeneko. Pomwe pali mzere wautali ndi pomwe pali chokoma, imani. Mukatha kudya bwezani thireyi pa shelefu yake, kuyambira 2021 ndi lamulo ndipo mashelefu a ziwiya za halal ndi osiyana ndi enawo, onani chikwangwani. Tengani ndalama zapamanja pang'ono chifukwa si benchi iliyonse yomwe imalandira khadi yakunja.

Ine sindidya nkhumba, ndivutika?

Simuvutika. Zakudya za Chitchaina zambiri zimakhala ndi nkhumba kapena mafuta ake ngakhale zosaoneka, ndiye funsani, koma mabenchi a Amalay ndi Amwenye achisilamu ali paliponse ndipo amapachika satifiketi ya halal poonekera. Osadya nyama konse, Little India ndi kwanu.

Akuti kuitanitsa khofi n'kovuta, zoona?

Kuli ndi mawu ake koma ndi osavuta. Mukati kopi akupatsani khofi wa mkaka wa kondensi, wotsekemera kwambiri. Kopi-o ndi wakuda wa shuga, kopi-c ndi wa mkaka wam'chitini wosatsekemera ndi shuga, mukawonjezera kosong ndiye kuti osathira shuga, siew dai shuga pang'ono, peng wa ayezi. Tiyi ndi teh, mawu enawo ndi omwewo. M'mawa itanitsani kaya toast, buledi wootcha wopaka jamu wa kokonati ndi mazira, ndi chibanthu cha batala mkati, pambali mazira awiri ofewa omwe mumaswera m'sosala.

Malamulo aja timamva, a chingamu ndi zina, ndi oona?

Ambiri ndi oona ndipo samasewera nawo. Kugulitsa ndi kulowetsa chingamu kunaletsedwa mu 1992. Mu MRT osadya osamwa ngakhale madzi, chindapusa chake chimafika madola 500, ndipo chipatso chonunkha chija cha durian n'choletsedwa kulowa nacho. Kutaya zinyalala, kulavula, kusuta pamalo osaloledwa, zonsezo ndi chindapusa. Fodya wa vape ndi woletsedwa kuyambira 2018, kungopezeka naye m'thumba ndi mlandu. Ndudu zilibe gawo lolowa ulere, ngakhale paketi imodzi muinene pa kasitomu. Kumwa mowa pamsewu kapena kupaki n'koletsedwa kuyambira 10:30 usiku mpaka 7 m'mawa, ndipo ku Little India ndi Geylang amakhwimitsanso kumapeto kwa sabata.

Koma chachikulu, abale anga, ndi mankhwala ozunguza bongo. Singapore imanyonga anthu opezeka akuzembetsa, chamba chopitirira magalamu 500 chilango chake ndi imfa. Musanyamulire munthu aliyense katundu yemwe simunamuone mkati, kaya ndi wachibale kaya ndi mnzanu wa mundege. Mankhwala a kuchipatala akhale m'mabokosi ake pamodzi ndi kalata ya dokotala, ndipo ena amphamvu monga ogonetsa amafuna chilolezo musanafike.

Izi zisakuopseni, mlendo wamba woyenda mwaulemu palibe amene amamuvutitsa, ndipo usiku mumayenda momasuka foni ili m'manja.

Kunja kumakhala bwanji, ndivale chani?

Kutentha chaka chonse, poti ndi pafupi kwambiri ndi ikweta. Masana madigiri 31 kapena 32, usiku satsika kwenikweni, koma chovuta ndi chinyezi, mukangoyenda pang'ono thukuta kamukamu. Mvula imabwera mwadzidzidzi makamaka masana, yamabingu, kenako n'kusiya, ndipo Novembala mpaka Januwale ndi yochuluka. Zovala zopepuka, nsapato zoyendera, ambulera yaing'ono, ndi kajuzi chifukwa m'masitolo ndi m'sitima amaziziritsa kwambiri. Madzi apampopi ndi abwino kumwa, yendani ndi botolo muzidzadza. Yendani m'mawa ndi madzulo, masana bisalani.

Nanga Marina Bay, mukuti tisapiteko?

Pitani, koma dzuwa likapendeka. Yambani pa Merlion, chiboliboli cha mutu wa mkango thupi la nsomba chomwe chakhalapo kuyambira 1972, jambulitsani, zungulirani gombe mpaka ku Marina Bay Sands, mudutse mpaka ku Gardens by the Bay. Mitengo yachitsulo ija yotchedwa Supertree imayaka motsatira nyimbo nthawi ya 7:45 ndi 8:45 usiku, anthu amagona chagada pansi kuyang'ana kumwamba, ndipo simulipira kanthu. Nyumba zagalasi za maluwa ndi zolipira. N'zokongola, sindikukana, koma zimenezi zinamangidwa kuti mlendo azione, pomwe Tekka ndi Maxwell ndi komwe eni mzinda amakhala tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake ndikuti muyambe ndi uko.

Okonda mitengo dzukani m'mamawa mupite ku Botanic Gardens, munda wa 1859 womwe UNESCO inauzindikira mu 2015, kulowa n'kwaulere kupatula gawo la maluwa a orchid, amatsegula 5 koloko m'mawa.

Ndiye kuti kumeneko kulibe tsankho, onse amakondana?

Ndisakunamizeni. Mtendere umene mukuuonawo anachita kuugwirira ntchito atalumidwa. Mu 1964 kunabuka zipolowe pakati pa Amalay ndi Atchaina anthu n'kufa, ndipo mpaka lero pa 21 Julayi ana asukulu amakumbukira tsikuli. Pafupifupi anthu 8 mwa 10 amakhala m'nyumba zosanja za boma za HDB, ndipo kuyambira 1989 pali lamulo loika malire a mtundu uliwonse pa buloko iliyonse kuti pasakhale dera la mtundu umodzi wokha. Tchuthi cha boma chilipo pa chaka chatsopano cha Atchaina, pa Hari Raya, pa Deepavali, pa Vesak ndi pa Khirisimasi. Komanso malamulo a zolankhula ndi okhwima, nkhani zonyoza mtundu kapena chipembedzo zimafikitsa munthu kukhoti.

Pali anthu enanso omwe zithunzi sizionetsa. Nyumba zosanja zonsezo amamanga ndi anyamata ochokera ku Bangladesh ndi India omwe amagona m'mahositelo kunja kwa tauni, ndipo ana a m'makomo ambiri amaleredwa ndi amayi a ku Philippines, Indonesia ndi Myanmar omwe anasiya ana awo kwawo. Lamlungu ndi tsiku lawo lopuma, mukapita ku Little India madzulo mupeza piringupiringu, amuna atakhala m'magulu akuimbira foni kumudzi, ena pamzere wotumiza ndalama. Aliyense amene ali ndi m'bale wake ku Joni akawaona awazindikira msanga.

Za ndalama, pali choti ndidziwe?

Amagwiritsa ntchito dola ya ku Singapore, ndipo kwacha simungasinthe kumeneko, nyamulani madola a ku America kapena khadi, muuzenso banki yanu kuti mukuyenda. Msonkho wa GST ndi 9 peresenti, ndipo m'malesitilanti amawonjezeranso 10 peresenti ya ogwira ntchito, mukaona ++ pa mtengo ndi zimenezo, ndiye simufunika kusiyanso ina patebulo. Ndalama ya msonkho yomwe amabwezera alendo pa zogula imabwezedwa ku bwalo la ndege, osati pokwerera sitima, ndiye zogula zikuluzikulu sungani mudzagule pobwerera ngati mudzadutsanso mumzindamo. Ngati ulendo wanu wagwera pa chaka chatsopano cha Atchaina, cha mu Januwale kapena Febuluwale, mabenchi ambiri a zakudya amatseka masiku angapo, mudalire Little India ndi Kampong Glam.

Tsiku lokwera sitima limayenda bwanji?

Kampani imakupatsani nthawi yanu yofikira, itsatireni, ndipo dziwani kuti geti imatsekedwa nthawi ndithu sitima isananyamuke, nthawi yolembedwa yonyamukira si nthawi yofikira. Masutikesi mumasiya pakhomo mutamangirira timapepala ta nambala ya chipinda, amafika kuchipinda mochedwa, ndiye pasipoti, mankhwala, tchaja ndi chovala chimodzi zikhale m'kachikwama kam'manja. Mumadutsa kwa a zotuluka m'dziko ngati ku bwalo la ndege, kenako mukalowa pali maphunziro a chitetezo osonyeza pomwe mungasonkhane pakagwa ngozi, aliyense ayenera kuchita, musazembe.

M'mawa wa tsikulo musakonze zoyenda kutali. Ife tinangotsika pa kashopu ka khofi kapafupi ndi hotelo, kopi-c ndi kaya toast komaliza, tinakhala tebulo limodzi ndi agogo ena omwe ankawerenga nyuzipepala ya Chitchaina, kenako takisi. Sitima ikamayamba kusuntha musakhale m'chipinda kapena pamzere wa chakudya, kwerani pamwamba. Kumbuyo mzinda umayamba kuyaka magetsi, kutsogolo nyanja yonse ili zombo zokhazokha, zamafuta, zamakontena, zitaima mbali zonse mpaka pomwe maso amathera kudikira nthawi yawo yolowa padoko, ndipo sitima yanu imadutsa pakati pawo pang'onopang'ono kulowera ku Malacca.